GAA+ ku Mangochi: ndi yabwino, koma konzani bandulo ndi khadi ya banki

Mpira wa Gaelic, womwe ndi mpira wa ku Ireland, sumaoneka m'mavidiyo sho a pa boma, choncho wofuna kutsatira chikho chake chachikulu cha All-Ireland ali kuno njira yake ndi GAA+. Ndi tsamba la pa intaneti la GAA, bungwe loyendetsa mpirawu, ndipo tsambali linayamba mu 2014 ngati GAAGO n'kusintha dzina mu 2025. Limaonetsa masewero ali m'kati, ndipo amene anakuphonyani mutha kuwaonera pambuyo pake.

Chopunthwitsa choyamba ndi malipiro. Amafuna khadi ya banki yotha kugula kunja, ndipo ndi kusowa kwa ndalama zakunja kuno, khadi ikhoza kukanidwa ndalama zili mu akaunti. Funsani kubanki kwanu ngati khadiyo ndi yotsegulidwa kugula pa intaneti, musadikire tsiku la fainolo.

Sewero limatenga mphindi 70, koma kuphatikiza nthawi yopuma ndi zokamba akatswiri, werengerani maola awiri. Chithunzi chapakati chimadya pafupifupi 1 GB pa ola, cha HD kuposa apo kawiri kapena katatu. Pa foni HD ndi kungotaya ndalama. Kumene netiweki imafooka, monga m'midzi ina ya m'mbali mwa nyanja, chithunzi chimaima pomwe mpira uli m'malere, chifukwa foni ikukakamira kukoka chithunzi cholemera. Tsitsani mlingo wa chithunzi sewero lisanayambe, ndipo pawabanki ikhale yodzaza, magetsi salonjeza. M'nyengo ya chikhoyi, kuyambira Epulo mpaka Julayi, nthawi ya ku Ireland imatsalira ola limodzi, ndiye fainolo ya hafu 3 pa bwalo la Croke Park ku Dublin, kuno ndi hafu 4.

Pomwe GAA+ imaperewera ndi apa: owulutsa amalankhula ngati aliyense anakulira mu mpirawu, safotokoza malamulo. Mukaona 1-26 pakona, musaganize kuti wina wamwa zigoli 26. Nambala yoyamba ndi zigoli za mu ukonde, chilichonse mapointi atatu. Yachiwiri ndi mapointi a mpira wodutsa pamwamba pa mtanda, pakati pa mizati. Motero timu ya Kerry itagonjetsa ya Donegal 1-26 kwa 0-19 mu fainolo pa 27 Julayi 2025, kwenikweni zinali 29 kwa 19. Osewera ndi 15 mbali iliyonse, mpira amaugwira m'manja, koma akaponda mapazi anayi ayenera kuudunda pansi kapena kuuponyera kuphazi n'kuuwakhanso.

Sizoni ya 2025 ndiyo yoyenera kuyambira. Chaka cha 2024 Armagh inatenga chikhochi, chomwe chimatchedwa Sam Maguire, pogonjetsa Galway 1-11 kwa 0-13, pointi imodzi yokha, pa nthawi imene matimu ankangodzazana kumbuyo ngati mbuzi m'khola, anthu n'kumadandaula kuti mpira wazizira. Malamulo atsopano a 2025 anati timu izisiya osewera atatu kutsogolo, ndipo womenya ali kunja kwa mzere wokhota wa mamita 40 azipeza mapointi awiri. Mzere umenewu pa foni yaing'ono suoneka bwino. Yang'anani mbendera yaolenji imene amakweza kuseri kwa golo. Kerry inagwa ndi Meath m'magulu, ambiri n'kuitaya, koma inadzuka n'kuchotsa Armagh mu kota fainolo, Tyrone mu semi fainolo, kenako Donegal. David Clifford wa Kerry yekha anamwetsa mapointi 9 mu fainolo, ndipo chinali chikho cha 39 cha Kerry, timu imene yachitenga kambiri kuposa ina iliyonse chiyambire mpikisanowu mu 1887.

Ngati muli angapo, sonkheranani bandulo ndipo mulumikize laputopu ku TV ndi chingwe cha HDMI. Bwalo la mpirawu ndi lalikulu kuposa la mpira wathu wa miyendo, kamera imajambulira patali, ndipo pa foni osewera 30 amangooneka ngati usipa.