Lexus, Range Rover, Mercedes-Benz kapena BMW: ndi iti yoyenda kale imene ingakhale m'banja zaka khumi?

Galimoto yaikulu yapamwamba imene yayenda makilomita opitirira 200,000 imagulitsidwa pa mtengo wokopa kwambiri, nthawi zina wochepera wa galimoto yaing'ono yatsopano, ndipo n'zosadabwitsa kuti mabanja amene akufuna malo okwanira ana ndi katundu amaiganizira. Chimene chimatsika ndi mtengo wogulira wokha. Masipeya, matayala, mabuleki ndi maola a makaniko zimakhalabe pa mtengo wa galimoto yodula, chifukwa zinapangidwira munthu amene anaigula ili yatsopano. Choncho poyerekeza magalimoto amenewa ine sindiyang'ana kwambiri nambala ya makilomita, koma mtundu wa zowonongeka zimene galimoto iliyonse imabwera nazo ikakalamba: kodi ndi zimene mwini angaziwone zikuyamba n'kuzikonzekera, kapena ndi zimene zimapha injini mwadzidzidzi banja lili pakati pa ulendo?

Magalimoto amene amapikisana pamenepa ali m'magulu awiri. Lexus LX 570, Lexus GX 460 ndi Toyota Land Cruiser 200 ali ndi bodi yokhazikidwa pa felemu yachitsulo yapayokha, monga mmene malole amapangidwira. Range Rover, Mercedes-Benz GL ndi BMW X5 alibe felemu yotero, bodi yokhayo ndi imene imanyamula zonse, ndipo zimenezi zimawachititsa kukhota bwino pa liwiro lalikulu. Amene wayendetsa magulu onse awiri sangatsutse kuti a ku Ulaya ndi okoma kuyendetsa pa msewu wa phula. Koma pano tikunena za galimoto imene idzafike makilomita 350,000 kapena 400,000 ili m'manja mwa banja lomwelo, ndipo pa mtunda wotero kukoma kwa chiwongolero kumabwera pambuyo.

Land Cruiser 200 inapangidwa kuyambira 2007 mpaka 2021, ndipo LX 570 ndi galimoto yomweyo itavekedwa chikopa chabwino ndi zipangizo zambiri. Injini ya petulo ya LX 570, yotchedwa 3UR-FE, ndi V8 (ya masilinda 8 okhala m'mizere iwiri) ya malita 5.7 yopanda turbo, chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini. GX 460, imene inagulitsidwa kuyambira 2010 mpaka 2023 ndipo ili pa felemu ya Prado 150, ili ndi injini ya banja lomwelo, 1UR-FE ya malita 4.6. Mainjini awiriwa ali ndi tcheni m'malo mwa lamba wa timing (chogwirizanitsa kayendedwe ka mavavu ndi mapisitoni), amapopera mafuta kunja kwa masilinda osati mkati mwenimweni, ndipo mphamvu imene amatulutsa ndi yochepa poyerekeza ndi kukula kwawo. Apa ndi pamene pagona kukhalitsa kwawo, chifukwa injini yaikulu imene sikakamizidwa imatentha pang'ono ndipo zitsulo zake zimatha pang'onopang'ono.

Sikuti alibe matenda. Radiyeta ya LX 570 ndi Land Cruiser 200 ya zaka zoyambirira imadziwika kuti imang'ambika pa pulasitiki ya pamwamba, pampu ya madzi imayamba kudontha, ndipo pakati pa mizere iwiri ya masilinda pali chivundikiro chimene guluu wake amatha n'kuyamba kutulutsa madzi oziziritsa injini, makamaka pa GX 460. Kukonza chivundikirocho kumafuna kuchotsa zinthu zambiri za pamwamba pa injini, kotero kuti malipiro a makaniko amaposa kutali mtengo wa guluu amene akufunikayo. Palinso oyilo amene amachucha m'mbali mwa malo a camshaft (chitsulo chozungulira chimene chimatsegula mavavu), ndi pampu yopopera mpweya mu ekizozi injini ikangoliza kumene, imene imafa ikalowa chinyontho. Chofunika kuona n'chakuti pafupifupi zonsezi zimachenjeza: madzi amatsika pang'onopang'ono m'botolo, pamaoneka zotsalira zofiirira pamene akudonthera, nyali imayaka pa dashibodi. Mwini amene amatsegula boneti kamodzi pa mwezi amazigwira zisanavulaze injini.

Pakati pa LX ndi GX penipeni pali kusiyana kumene banja liyenera kukuganizira mofatsa. LX 570 ili ndi sasipenshoni ya AHC, yoyendera mafuta apadera ndi timabotolo ta gasi, imene imakweza ndi kutsitsa galimoto. Imakhalitsa mafuta ake akamasinthidwa, koma timabotoloto timafooka ndi zaka, galimoto n'kuyamba kudumphadumpha, ndipo mapaipi ake achitsulo amadyedwa ndi dzimbiri m'madera amene amathira mchere m'misewu nyengo ya chipale chofewa. GX 460 ndi yophweka, ngakhale kuti ina ili ndi matumba a mpweya kumbuyo, koma ndi yopapatiza, chitseko chake chakumbuyo chimatsegukira kumbali moti chimavuta pamalo opanikizika, ndipo mzere wachitatu wa mipando ndi wa ana basi, komanso ukadzutsidwa malo a katundu amatsala ochepa zedi. Mu LX 570 mipando ya mzere wachitatu imapindikira m'mbali ndipo imadya malo ngakhale palibe wokhalapo. Amene akuyang'ana LX 470 yakale, ya pakati pa 1998 ndi 2007, akumbukire kuti injini yake ya 2UZ-FE ili ndi lamba wa timing wofunika kusinthidwa pa makilomita pafupifupi 145,000 aliwonse, ndiponso kuti sitata yake inabisidwa pansi pa mapaipi olowetsa mpweya, moti kuisintha ndi ntchito ya maola ambiri. Pa zonsezi, chimene chingandichititse kusiya Lexus osayang'ananso ndi dzimbiri la felemu, chifukwa injini yabwino pa felemu yowola ilibe phindu.

Range Rover ndiyo imakopa kuposa onse, ndipo sindingabise kuti palibe ina mwa magalimoto amenewa imene imanyamula anthu mofewa ngati Range Rover ya mtundu wa L405, imene inatuluka mu 2012 ndi bodi ya aluminiyamu yokhayokha, yopepuka ndi makilogalamu pafupifupi 400 poyerekeza ndi L322 imene inaitsogolera. Giyabokosi yake ya magiya 8, yopangidwa ndi kampani ya ZF, ndi imodzi mwa zabwino zimene zinapangidwapo. Vuto lili pa mainjini. V8 ya petulo ya malita 5.0, makamaka ya zaka zoyambirira kuchokera mu 2009, imadziwika ndi kutha kwa zomangitsa tcheni cha timing, ndipo tchenicho chikalumpha mavavu amagundana ndi mapisitoni. Mapaipi ake a madzi ndi a pulasitiki, ena ali pansi pa supercharger (chokankhira mpweya mu injini ngati turbo), ndipo akaphulika madzi amatha m'kanthawi kochepa injini ya aluminiyamu n'kupindika mutu. V6 ya dizilo ya malita 3.0 ili ndi mbiri yoipa kwambiri, ya kuthyoka kwa crankshaft (chitsulo chachikulu chimene mapisitoni amazunguza), ndipo zimenezi zimatha kuchitika popanda chenjezo lililonse ngakhale pa galimoto imene yakhala ikupita ku sevisi. Sikuti injini iliyonse imathyoka, zambiri zimayenda mpaka kukalamba, koma ikathyoka mtengo wa injini ina umayandikira mtengo wa galimoto yonse. V8 ya dizilo ya malita 4.4 ndiyo yolimba pa atatuwa, ngakhale kuti choziziritsira oyilo wake chimadontha.

Pamwamba pa izi pali sasipenshoni ya mpweya pa mawilo onse anayi, ndi makompyuta ambiri amene amasokonezeka batire ikangofooka pang'ono. Matumba a mpweya ndi kompuresa si zoopsa mwa izo zokha, ndi zinthu zakutha ngati matayala, ndipo thumba lodontha limadziulula galimoto ikapezeka yagwada mbali imodzi itagona usiku. Cholakwika n'kuzengereza, chifukwa kompuresa imagwira ntchito mosalekeza kudzaza thumba lodonthalo mpaka nayo itapsa. Banja lalikulu lizindikirenso kuti L322 ndi L405 zili ndi mizere iwiri yokha ya mipando. Wofuna mipando 7 m'banja la Land Rover, kampani yopanga Range Rover, amapita ku Discovery 4, imene mkati mwake munakonzedwa mwanzeru kuposa ena onse, koma yambiri ili ndi V6 ya dizilo yomwe ija, ndipo ntchito zina zazikulu za pa injini yake amazigwira atanyamula bodi yonse.

Mercedes-Benz GL ndi imene ndimaiona kuti anthu amaipeputsa. Inayamba mu 2006, mtundu wachiwiri unabwera mu 2012, kenaka dzina linasintha kukhala GLS, ndipo imapangidwira ku Alabama m'dziko la America. Pa nkhani ya banja imaposa Lexus poyera, popeza mzere wake wachitatu umakwana anthu akuluakulu, mipandoyo imapindikira pansi ndi batani, ndipo pa ulendo wautali mkati mumakhala bata. Imodzi mwa mainjini ake opezeka kwambiri ndi V6 ya dizilo ya malita 3.0, OM642, imene zitsulo zake zamkati zimapirira mtunda wautali. Chofooka chake chodziwika ndi timphira ta choziziritsira oyilo, timene tili pansi penipeni pakati pa mizere ya masilinda. Timphirato ndi totsika mtengo, koma kuti munthu atifike ayenera kuchotsa turbo ndi mapaipi olowetsa mpweya. Wogula afunse ngati ntchito imeneyi inagwiridwa kale, ndipo aone lisiti. V8 ya petulo ya ma turbo awiri, M278, ndi yamphamvu koma ili ndi mbiri ya kulira kwa tcheni polizidwa m'mawa, kukalika kwa makoma a masilinda, ndi oyilo amene amalowa m'mawaya kudzera m'masensa mpaka kufika pa kompyuta ya injini. Sasipenshoni yake ya mpweya, yotchedwa AIRMATIC, imafuna chisamaliro chofanana ndi ya Range Rover.

Pa BMW X5 sindichedwapo, chifukwa kusankha kwake n'kosavuta. E70 ya 2006 mpaka 2013 ndi F15 imene inatsatira ndi zokoma kuyendetsa kuposa zonse zatchulidwazi, koma mzere wachitatu, pamene ulipo, ndi wongopanikiza. V8 yotchedwa N63, imene ma turbo ake anaikidwa pakati pa mizere ya masilinda, imatentha kwambiri moti imaumitsa timphira ta mavavu n'kumamwa oyilo, ndipo kampaniyo inakhazikitsa ndondomeko yapadera yokonza mainjiniwa mu 2014. Yoyenda mtunda wautali ndingaipewe. Mainjini a masilinda 6 ndi nkhani ina: M57 ya dizilo ndi yolimba, N55 ya petulo imafuna kuti pampu yake ya madzi yoyendera magetsi isinthidwe isanafe, pamene N57 ili ndi tcheni kumbuyo kwa injini, kumene n'kovuta kufikako.

Mafuta ndi pamene Lexus imalipiritsa mwini wake. Malinga ndi muyezo wa boma la America, LX 570 imamwa malita pafupifupi 17 pa makilomita 100, ndipo GX 460 pafupifupi 14. GL ya dizilo imatha kuyenda mtunda womwewo ndi malita 11 kapena 12. Banja loyenda makilomita 15,000 pa chaka lingawotche malita 2,550 mu LX 570 ndi malita 1,650 mu galimoto yomwa 11, kusiyana kwa malita 900 chaka chilichonse, kapena 9,000 pa zaka khumi. Ndalama zimenezo zingalipire matumba a mpweya ndi timphira ta oyilo, n'kutsalako. Koma dizilo wamakono ali ndi msampha wake: sefa ya utsi ya DPF, vavu ya EGR yobwezera utsi wina mu injini, ndi zida za AdBlue (madzi apadera oyeretsera utsi) ndi masensa ake. Sefayo imadziyeretsa yokha ekizozi ikatentha pa ulendo wautali, ndiye galimoto imene ntchito yake ndi kutula ana kusukulu yapafupi ndi kubwerera imaitseka msanga, ndipo kuyeretsa kukamadukizidwa dizilo amatsikira mu oyilo n'kumusungunula. Ngakhale Land Cruiser 200 ya dizilo, ya injini ya 1VD-FTV ya malita 4.5, imene ndi yolimba ndithu, imafuna mainjekita odula ikakalamba, ndipo ya zaka zakumapeto ili ndi sefa yomweyi m'maiko ambiri.

Pa galimoto iliyonse mwa izi, mabuku a sevisi amalemera kuposa nambala ya pa dashibodi. GL ya makilomita 250,000 ya mwini mmodzi amene ankasintha oyilo msanga ndi yabwino kuposa LX ya makilomita 170,000 imene yadutsa m'manja anayi popanda pepala lililonse. Funsani za mafuta a giyabokosi: makampani ena ankati sasinthidwa moyo wonse wa galimoto, koma ZF, imene imapanga ena mwa magiyabokosiwo, imalangiza kuwasintha. Galimoto muipeze injini ili yozizira kuti mumve mmene imalirira masekondi oyambirira, ikwezedwe m'mwamba kuti pansi paoneke, ndipo ilumikizidwe ku kompyuta yodziwa mtundu umenewo, osati yongowerenga injini yokha. Nambala ya VIN, yozindikiritsa galimoto iliyonse payokha, ifufuzidwenso ngati galimotoyo inaitanidwa kukasinthidwa matumba oteteza anthu pa ngozi (airbag) opangidwa ndi kampani ya Takata, amene anakhudza makampani ambiri mwa awa.

Banja limene galimotoyi idzakhale yokhayo, ndipo likufuna kuisunga zaka khumi, ndingalilozere ku GX 460 ngati ana ndi awiri kapena atatu, ndi ku LX 570 kapena Land Cruiser 200 ngati likufuna kukula ndi kukoka ngolo yolemera, lili lokonzeka kulipira zambiri pogula ndi pothira mafuta. Limene limanyamula anthu 6 kapena 7 kawirikawiri pa maulendo ataliatali a phula lipindula ndi GL ya dizilo yokhala ndi mapepala, bola pafupi pakhale makaniko wodziwa Mercedes-Benz ndipo ndalama zokonzera zipatulidwe tsiku logula lomwelo. X5 ya masilinda 6 ikuyenera banja laling'ono lokonda kuyendetsa. Range Rover ndingaigule pokhapokha pakhomo pali galimoto ina yodalirika, ndipo ndingafune V8 ya dizilo ya malita 4.4, kapena ya petulo imene tcheni ndi mapaipi a madzi zinasinthidwa kale ndipo malisiti ake alipo.