Land Cruiser 76 yanga: galimoto nyenyezi zinayi, wogulitsa ziro

Ndiyambe ndi inu bambo a yadi yogulitsa galimoto ija ya ku Lilongwe, chifukwa mtima wanga sunaphwebe. Munalumbira kuti matayala ndi atsopano, chonsecho munangowapaka mankhwala onyezimiritsa, awiri anali ong'aluka m'mbali. Blue book ndinaiyendera kanayi kuchokera kuno ku Mchinji, ulendo uliwonse "abwana atuluka pang'ono". Pa mamiliyoni onse aja, ngakhale jeke simunaikemo.

Mkwiyo umenewu ndinkauphwetsera pa galimoto. Ndikakwera ndinkangoona zoipa zokhazokha: mkati mwake chitsulo ndi pulasitiki basi, pa tala imayenda ngati yasenza matumba a soya ngakhale ilibe kanthu, dizilo wovuta kupezayu imamwa mosaumira.

Zinasintha mu February, pa maliro a malume kuseri kwa Mkanda. Alamu anga a ku Joni anabwera ndi yawo ija ya mipando yachikopa, yomwe chitseko chakumbuyo chimatseguka ukangogwedeza phazi pansi pa bampala. Ataona yanga anaseka, amvekere "Alamu, mwagula ambulansi?" Sindinayankhe, paja zibale zake za Land Cruiser 78 ndi zomwe zimanyamuladi odwala m'zipatala zathu.

Mvula inali itagwa usiku wonse. Pa dambo lina tisanafike kumudzi iwo anali patsogolo, analowa mwamphamvu, pakati penipeni galimoto inakhala pansi. Anayamba kudina mabatani, la matope, la mchenga, la miyala, kompyuta ili piii piii. Matayala awo aja a mainchesi 21, opyapyala ngati a njinga yamoto, anadzaza dothi n'kusalala ngati mbale, kumangozungulira pamodzimodzi. Anyamata asanu ndi atatu anakankha mpaka matope m'makutu, osasuntha. Choseketsa n'chakuti pomangirira chingwe panasowa. Tinachita kutsegula buku la galimoto, mvula ikuwaza, n'kupeza kuti pali kachivundikiro koyamba wachotsa kenako n'kupotokolerapo chitsulo chomwe chinali pansi pa masutikesi.

Ine ndinatsika, ndinapotokola timahabu ta matayala akutsogolo kuchoka pa FREE kufika pa LOCK kuti nawonso azikoka, ndodo yaing'ono ija n'kuikankhira pa L4, giya yamphamvu yokoka ndi matayala onse anayi. Ndinadutsa chakumbali, madzi akufika m'masitepe, n'kumanga chingwe. Giya wani, phazi pang'ono chabe. Injini ija ya 1HZ, ya malita 4.2 yopanda turbo, imene ndinkainyoza kuti ndi yaulesi, inangong'ung'udza ngati ng'ombe ya pa ngolo, galimoto ya alamu n'kuzuka. Amayi ena amene anali ndi nkhuni pamutu anaiwala kuti tili pa ulendo wa maliro, analuluta.

Usiku ku siwa alamu anadziteteza, ndipo ndivomere, zina ananena zoona. Akuti vuto ndi matayala a m'tauni, osati galimoto. Anandikumbutsa kuti galimoto zapamwamba nazo ndi zolimba: Lexus LX 600 ndi Land Cruiser 300 pansi pake n'chimodzimodzi, kusiyana zovala, komanso Benz ya G-Class imene anthu otchuka amadzionetsera nayo inayamba mu 1979 ngati galimoto ya ntchito ndi ya asilikali. Ine ndinati Land Cruiser 70, mtundu wa yangayi, inatuluka mu 1984 ndipo mpaka pano akupangabe osaisintha kwenikweni, chifukwa kuno ku Africa, ku migodi ya ku Australia ndi ku Arabia akuifunabe. Ku America yatsopano saigulitsa n'komwe, kwawo ku Japan anachita kuibwezeretsa pa msika mu 2023. Kumene kuli misewu yabwino amagula chikopa, ife timagula chimene makaniko wa pa Kamwendo angamasule ndi sipanala popanda laputopu.

Koma musanamizidwe, masipuling'i akumbuyo aja ndi a lole. Ikakhala yopanda katundu, bampu iliyonse imathera m'msana. Nyenyezi yachisanu yapita pamenepo.

Pobwerera, titafika pa tala, amayi anatsika mwanga mwakachetechete n'kukakwera ya alamu. Akuti "Mwanawe, yakoyi ndi yamphamvu, koma chiuno changa ndi chimodzi."

Inu a yadi, jeke uja ndikumudikirabe.