Famu ya mahatchi ya ku Muldersdrift: zimene ndaona pa miyezi 6

Mwana wanga wamwamuna wa zaka 9 anasiya kulankhula momasuka bambo ake atamwalira, ndipo titasamuka ku Dedza kudzakhala kuno ku Cosmo City, mumzinda wa Johannesburg ku South Africa, kukhala chete kwakeko kunangowonjezereka. Mayi wina wa kumpingo kwathu ndiye anandiuza za famu ina cha ku Muldersdrift, yoyendetsedwa ndi banja lachikhristu, kumene ana ovutika mumtima amakasamalira mahatchi amene anapulumutsidwa ku nkhanza. Ndinapitako mokayikira, chifukwa kwathu tinazolowera abulu ndi ng'ombe zokoka ngolo, ndipo za mahatchi ndinkangomva kuti alendo amawakwera pamwamba pa phiri la Zomba.

Ena mwa mahatchi a pafamupa ankakoka ngolo za malasha ndi zitsulo zakutha m'malokeshoni, ndipo anafika ali mafupa okhaokha. Ku South Africa kuli lamulo la mu 1962 loteteza nyama ku nkhanza, koma hatchi ikalandidwa imasowabe khola, chakudya ndi munthu woleza mtima. Chimene chinandikopa n'chakuti mwana aliyense amapatsidwa hatchi imodzi ndi mlangizi mmodzi, ndipo masabata oyambirira salola kuti akwere. Amayamba ndi kuipesa ndi burashi, kuchotsa miyala m'ziboda ndi kuitungira madzi. Amaphunzitsidwa kuti hatchi imaona pafupifupi mbali zonse kupatula kumbuyo kwake kwenikweni, choncho safunika kuidzidzimutsa, komanso kuti ikapinda makutu m'mbuyo ndiye kuti yakwiya kapena ili ndi mantha. Kunena zoona, poyamba ndinkaona ngati akutichedwetsa, koma tsopano ndikukhulupirira kuti kufatsa kumeneku ndiko kumachititsa kuti ntchito yawo itheke.

Mwana wanga anapatsidwa hatchi yaikazi yokalamba, yokhala ndi zipsera pachifuwa pamene zingwe za ngolo zinkaikhula. Loweruka lachinayi, akuipesa pang'onopang'ono pafupi ndi zipserazo, anatembenuka n'kundifunsa kuti, "Amayi, kodi imakumbukirabe?" Tili m'takisi pobwerera anayamba kufotokoza za bambo ake, chinthu chimene sanachitepo chichitikire maliro, ndipo ine ndinangomugwira dzanja chifukwa mawu anandithera.

Pa nkhani ya chikhulupiriro amachita zinthu mwaulemu. Amayamba ndi pemphero lalifupi, nthawi zina amawerenga Miyambo 12:10, pamene pamanena kuti munthu wolungama amasamalira moyo wa chiweto chake, koma sakakamiza mwana kulankhula kapena kupemphera mokweza. Ndinawalemekezanso chifukwa anandiuza poyera kuti iwo si madokotala, ndipo anandilimbikitsa kuti ndisasiye kupita naye kwa mlangizi wa kusukulu.

Zovuta ziliponso. Takisi imatisiya pamsewu waukulu, ndiye timayenda mtunda ndithu pa msewu wafumbi, ndipo m'miyezi ya June ndi July kuzizira kwa m'mawa kumalowa m'mafupa. Tinadikira miyezi ingapo tisanapeze malo, popanda wotiuza kuti tili pati pa mndandanda, zomwe zinandiwawa chifukwa mwana anali akuvutika. Alangizi amalankhula Chingerezi ndi Chizulu, kotero mwana wongofika kumene kuchokera kumudzi amafunika kholo lomumasulira pambali. M'dzinja, mabingu a masana amathetsa maphunziro mwadzidzidzi.

Salipiritsa, koma kuweta hatchi kumafuna ndalama zambiri: udzu wouma wogula m'nyengo yozizira msipu ukauma, kudula ziboda masabata 6 mpaka 8 aliwonse, ndi katemera wa chaka ndi chaka wa matenda a mahatchi otchedwa African horse sickness. Ine ndimapereka kangachepe pakutha pa mwezi, ndipo ndingapemphe aMalawi anzanga amene angapiteko kuti achitenso chimodzimodzi. Mwanayo avale nsapato zotseka ndi buluku lalitali. Chipewa chodzitetezera pokwera amabwereka komweko.