Ntchito yoyeza DNA ya 23andMe imafunsa musanaone zotsatira zolemera, koma funsolo silikwanira

Kampani ya 23andMe, yomwe inakhazikitsidwa ku California m'chaka cha 2006, imagulitsa kabokosi kokhala ndi kabotolo kolavuliramo malovu, kamene munthu amakatumiza ku labotale pa positi kuti akayeze DNA, yomwe ndi malangizo a m'thupi amene munthu amatengera kwa makolo ake, ndipo pakatha masabata angapo zotsatira zimaoneka pa intaneti. Anthu ambiri amagula kabokosika pofuna kudziwa kumene makolo awo anachokera, koma amene alipira mtundu wokhudzanso zaumoyo amatha kukumana ndi nkhani imene sankaifunafuna n'komwe.

Chimene ndikuyamikira n'chakuti zotsatira zolemera sizingotulukira pamaso pa munthu. Lipoti la tizigawo ta DNA totchedwa BRCA1 ndi BRCA2, lokhudza khansa ya m'mawere, pamodzi ndi malipoti a matenda a mu ubongo a Parkinson's (onjenjemeretsa thupi) ndi Alzheimer's (oiwalitsa zinthu), amakhala otseka mpaka mwiniwake atanena kuti akufuna kuwaona, ndipo amayamba wapatsidwa mawu ofotokoza tanthauzo lake. Umenewu ndi ulemu woyenera, chifukwa si matenda onse amene munthu angafune kuwadziwiratu. Mayi amene wadziwa kuti ali pa chiopsezo cha khansa angathe kumakapimidwa pafupipafupi, ndipo madokotala ali ndi chochita, pamene munthu wopezeka ndi mtundu wotchedwa e4 wa kachigawo ka DNA ka APOE, umene umakulitsa chiopsezo cha Alzheimer's muukalamba, amatsala ndi nkhawa ya zaka zambiri pa matenda opanda mankhwala ochiza, omwe mwinanso sadzadwala. Wokana kutsegula lipoti lotere, kwa ine, ali ndi zifukwa zomveka.

Komabe kudina povomera si uphungu. Kwathu munthu asanayezetse HIV amakhala pansi ndi mlangizi amene amamufunsa ngati wakonzeka kulandira zotsatira zilizonse, koma ku 23andMe munthu amawerenga yekha pa foni, popanda woona nkhope yake ikasintha. Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi zotsatira zooneka ngati zabwino. Bungwe la FDA, loona za chakudya ndi mankhwala ku America, litaloleza lipoti la BRCA mu 2018, kampaniyi inkayeza masinthidwe atatu okha a BRCA amene amakulitsa chiopsezo cha khansa, opezeka makamaka mwa Ayuda a gulu la Ashkenazi, chonsecho masinthidwe odziwika ndi opitirira 1,000. Chiwerengerochi chinakwera kufika pa 44 mu 2023, koma mayi wochokera ku Africa kuno, amene amayi ake kapena azakhali ake anadwala khansa ya m'mawere, asakhazike mtima pansi chifukwa choti lipoti lanena kuti silinapeze kanthu. Ayenera kukaonana ndi dokotala, monganso ayenera kuchitira aliyense amene lipoti lake lapeza vuto, popeza zotsatirazi zimafunika kutsimikizidwa kuchipatala.

Gawo lotchedwa DNA Relatives, limene limaonetsa anthu ena omwe muli nawo magazi amodzi, limayatsidwa ndi mwiniwake, koma chinsinsi chimene limaulula si cha iye yekha. Munthu angazindikire kuti bambo amene anamulera si amene anamubereka, kapena kuti ali ndi m'bale wake wa kunja kwa banja, ndipo makolo okhudzidwawo sanafunsidwe kanthu. Pamenepa funso la kampaniyi limapita kwa munthu mmodzi pa nkhani ya mtundu wonse, ndipo sindikuona kuti chenjezo lolembedwa lingathetse vutoli.

Wofuna kugula adziwenso kuti mu 2023 akuba a pa intaneti anapeza zambiri za makasitomala pafupifupi 6.9 miliyoni, makamaka kudzera m'gawo lomweli, ndiponso kuti mu March 2025 kampaniyi inapempha chitetezo cha khoti chifukwa cha ngongole. Imalola kasitomala kufufutitsa akaunti yake ndi kutayitsa malovu amene anasungidwa, ndipo ndikulangiza kuti munthu awerenge malamulo amenewa asanalavulire m'kabotolo.