Tikiti imodzi ya Hallé: ya madzulo, ya ana, kapena ya Khirisimasi?

Kabuku ka makonsati a Hallé kakangotuluka, ine ndimakayala patebulo pambali pa rota yakuntchito n'kuyamba kuchonga masiku amene ndili ofu. Anzanga a kutchalitchi kuno ku Manchester anazolowera zimenezi, moti chaka chilichonse funso limabwera lomwelomwelo: "Asisi, ifenso tikufuna tikaoneko, koma ndalama ndi za ulendo umodzi basi. Tigule iti?" Ambiri amafunsa atasankha kale mumtima kuti apita ya Khirisimasi. Ndi yabwino ndithu, sindikana. Koma ndakhalapo pa mitundu yonse itatu, pena ndekha, pena ndi ana, ndipo ndinaona kuti munthu wofuna kumva mphamvu ya okestra saipeza mu Disembala.

Kwa amene simunafikeko, Hallé ndi okestra ya mzinda uno. Anaiyambitsa mu 1858 ndi Charles Hallé, woimba piyano wobadwira ku Germany. Kuyambira 1996 kwawo ndi ku Bridgewater Hall pa Lower Mosley Street, kamtunda kochepa kuchokera pamene tram imaima pa St Peter's Square kapena pa Deansgate-Castlefield. Holoyo imalowa anthu oposa 2,300, ndipo chinyumba chonsecho anachikhazika pa masipiring'i akuluakulu pafupifupi 280 kuti kugwedezeka kwa tram ndi magalimoto kusamveke mkati. Mukalowa mudzamva nokha kuti zii wa mmenemo ndi wamtundu wina.

Ndiyambe ndi konsati ya madzulo, poti ndi imene anthu athu amaiopa. Kawirikawiri imayamba 7:30 n'kutenga maola awiri, kuphatikizapo kupuma kwa mphindi 20 pakati. Kayendedwe kake sikasinthasintha kwenikweni: kanyimbo kakafupi kotsegulira, kenako concerto, pamene mlendo mmodzi wa piyano kapena vayolini amaimba moyankhizana ndi gulu lonse, ndiye mukabwera kopuma mumapeza symphony, nyimbo yaitali ya okestra yonse. Apa ndi pamene okestra imakhala yathunthu, anthu 80 kapena kuposa. Asanayambe, wa oboe, chitoliro china chamtengo, amaimba noti imodzi, A, ndipo onse amachunira zida zawo pamenepo, monga mmene kwayamasitala kwathu amaperekera "do" kwaya isanatsegule pakamwa. Ine phokoso la kuchuna lomwelo limandiimitsa kale tsitsi.

Nkhani yaikulu pa konsati imeneyi ndi pokhala. Anthu amaganiza kuti mpando wabwino ndi wodula wa kutsogolo. Ine ndimagula mipando ya kwaya, imene ili kumbuyo kwa okestra, ndipo imakhala m'gulu la yotsika mtengo. Ukakhala pamenepo woimbitsa sakupatsa msana, umamuona nkhope. Umaona pamene wakweza nsidze kuuza a mavayolini kuti atsike, pamene wapuma mpweya pamodzi ndi a zitoliro. Tsiku lina ndinali mizere itatu kuchokera pa woimba timpani, ng'oma zikuluzikulu zamkuwa zija. Anzake onse ali mkati moimba, iye anawerama, n'kuika khutu pafupi ndi chikopa, n'kuchigogoda ndi chala pang'onopang'ono uku akuponda chitsulo cha kuphazi kuti asinthe noti. Anamaliza, n'kuwongoka, n'kudikira manja ali m'mwamba. Atamenya, ndinaimva m'chifuwa. Wa mpando wa kutsogolo zimenezi saziona.

Pali choipa chake. Ma horn, malipenga opindika mozungulira, kukamwa kwake kumaloza kumbuyo, ndiye amakulira m'khutu kuposa mmene woimbitsa akuwamvera, pamene mavayolini amamveka patali. Ngati usiku umenewo kuli concerto ya piyano, chivindikiro cha piyano chimaponya mawu kwa anthu a kutsogolo, inu n'kumangotola zotsala. Pa tsiku lotero bola kukwera ku Gallery, pamwamba penipeni, kumene oimba amaoneka ang'onoang'ono koma mawu amafika osakanikirana bwino.

Posankha tsiku, yang'anani dzina la wopeka nyimbo. Woimbitsa wamkulu panopa ndi Kahchun Wong wa ku Singapore, amene analowa mu Seputembala 2024 m'malo mwa Sir Mark Elder, yemwe anatsogolera Hallé zaka 24. Wong anatchuka atapambana mpikisano wa oimbitsa wa dzina la wopeka nyimbo Mahler ku Bamberg, ku Germany, mu 2016, ndipo nyimbo za Mahler amazigwira mtima. Komabe ulendo woyamba sindingakutumizeni kumeneko. Ma symphony ena a Mahler amapitirira mphindi 80, ndipo munthu wochokera ku shifiti ya maola 12 tulo tingamupeze. Mukaona Symphony No. 9 ya Dvořák, imene anaipeka ali ku America mu 1893, gulani osaganiza kawiri. Ndi ya mphindi 40 ndi pang'ono, ndipo chigawo chachiwiri chili ndi nyimbo ya cor anglais, mkulu wake wa oboe, yolira ngati munthu wokumbuka kwawo. Aliyense amene anasiya amayi ake kumudzi n'kukwera ndege adzaimva popanda womumasulira. Symphony No. 5 ya Beethoven nayonso ndi khomo labwino. Elgar ndiye ndi wapanyumba: Symphony No. 1 yake inamveka koyamba padziko lonse kuno ku Manchester mu 1908, oimba ake a Hallé omwewa.

Za mwambo zisakudetseni nkhawa. Zovala ndi zimene muli nazo; ena amabwera ndi suti, ena ndi jinzi, ine ndinapitapo nditavala chilundu changa cha chitenje. Symphony imakhala ndi zigawo, nthawi zambiri zinayi, ndipo anthu saomba m'manja pakati pa zigawozo. Dikirani woimbitsa atsitse manja n'kutembenuka. Chovuta chenicheni ndi china: muyenera kukhala chete kwa nthawi yaitali, foni yozimitsa, ndipo mufunika wokusungirani ana mpaka cha m'ma 10 koloko usiku. Mapulogalamu ena amabwerezedwa masana, ndiye amene mumagwira usiku yang'anani amenewo.

Konsati ya mabanja ndi ina ndithu. Imachitika masana, imatenga ngati ola limodzi, ndipo pamakhala munthu wolankhula ndi ana, kuwaonetsa zida chimodzichimodzi. Mwana akafunsa mokweza palibe amene amakutembenukira ndi diso. Nyimbo imene imabwerabwera m'makonsati otere kulikonse ndi Peter and the Wolf, imene Prokofiev anapekera ana ku Moscow mu 1936. Ndi nthano yeniyeni, yokhala ndi wokamba wake, kungoti aliyense wa m'nthanomo ali ndi chida chake: mbalame ndi chitoliro, bakha ndi oboe, mphaka ndi clarinet, agogo aamuna ndi bassoon, mmbulu ndi ma horn atatu, mfuti za alenje ndi ng'oma. Mzime wanga anali ndi zaka zisanu pamene anaimva. Bassoon itangoyamba kung'ung'udza anandikoka dzanja: "Amayi, agogo akwiya!" Wokamba nthano anali asananene n'komwe. Pobwerera mu tram anandifunsa ngati double bass ndi babatoni wamkulu, poti anaonapo babatoni pa vidiyo, ndipo ndinamuyankha kuti ndi pachibale, kungoti uyu ali ndi zingwe zinayi.

Kwa mwana wa zaka zinayi mpaka khumi palibe tikiti yoposa imeneyi. Wamkulu amene wapita yekha amatulukamo ndi njala, chifukwa nyimbo zambiri amangodulako tizidutswa, ndipo pamene mtima wayamba kulowa, wolankhula uja wabweranso. Amene muli ndi mwana wa autism kapena kholo loiwalaiwala, funsani za makonsati otchedwa relaxed, amene munthu amaloledwa kuyendayenda ndi kutuluka mmene wafunira.

Tsopano za Disembala. Timangoti "ya Khirisimasi" ngati ndi chinthu chimodzi, chonsecho ndi zitatu zosiyana, ndipo kusokoneza zimenezi n'kumene kumawonongetsa ndalama.

Yoyamba ndi ya nyimbo za Khirisimasi, pamene okestra imaimba ndi makwaya a Hallé, a akuluakulu ndi a ana, ndipo nyimbo zina holo yonse imaimirira n'kuimba nawo, limba lalikulu la mapaipi 5,500 likugunda kumbuyo. Zambiri mwa nyimbozi tinakula nazo m'Chichewa, ndiye pakamwa pamangoyenda pokha. Munthu amatuluka wosangalala. Koma okestra pamenepa ntchito yake ndi yoperekeza, ndipo mipando yanga ya kumbuyo ija imakhala itatengedwa ndi kwaya. Matikiti amatha msanga, m'tauni mumakhala modzaza ndi anthu a misika ya Khirisimasi, kunja kwada kale 4 koloko. Walira mvula walira matope.

Yachiwiri ndi The Snowman, kafilimu ka makatuni ka 1982 kamene amakaonetsa pa sikirini okestra ikuimba nyimbo za Howard Blake pompo. Ndi ka mphindi 26, kopanda kulankhula, ndiye ngakhale mwana amene wangofika kumene kuchokera kumudzi, Chingerezi chisanakhazikike, amatsatira bwinobwino. Makolo dziwani kuti kumapeto munthu wa chipale uja amasungunuka, ndipo ana ena amalira. Ndikaiika pambali pa konsati ya mabanja ija, ine ndimasankha ya mabanja, chifukwa pa filimu maso a mwana amakhala pa sikirini, oimba osawaona n'komwe.

Yachitatu ndi Messiah ya Handel, ndipo imeneyi sindiiika m'gulu limodzi ndi zinzakezo. Handel anailemba m'masiku 24 okha mu 1741, ndipo inaimbidwa koyamba ku Dublin pa 13 Epulo 1742, Pasaka ali pafupi. Mawu ake onse ndi a m'Malemba, anawasonkhanitsa ndi Charles Jennens. Za kubadwa kwa Yesu zili m'gawo loyamba lokha mwa magawo atatu: Yesaya 40, Yesaya 9, abusa a pa Luka 2. Gawo lachiwiri ndi la masautso, Yesaya 53, ndipo limatsekedwa ndi Aleluya wotengedwa m'buku la Chivumbulutso. Lachitatu limayamba ndi mawu a Yobu 19:25 onena za Mombolo wamoyo, n'kupita ku 1 Akorinto 15. Munthu wokulira m'tchalitchi sasochera, amadziwa kumene nkhani ikupita ngakhale mawu ena a Chingerezi chakalecho amuphonye.

Kwaya ya kumpingo kwathu kumudzi inkaimba Aleluya ameneyu, titamuphunzira pa bolodi ndi do-re-mi, wopanda chida chilichonse. Zaka zonsezo ndinkamudziwa ngati nyimbo yoima payokha. Kumumva pamalo pake ndi nkhani ina. Umakhala utadutsa nyimbo yaitali ya alto yonena za munthu wonyozedwa ndi wokanidwa, yoyenda pang'onopang'ono mpaka holo yonse kuti zii. A malipenga awiri ndi wa ng'oma amakhala nthawi yaitali manja ali pamiyendo, chifukwa Handel anawasungira malo owerengeka okha. Ndiye akadzuka pa Aleluya, anthu onse n'kuimirira monga mwa mwambo wa kuno, umamvetsa chimene ankadikira. Ine ndinapezeka ndikuimba alto yanga chamumtima, misozi ili m'masaya, ndikuona nkhope za amayi amene tinkaima nawo mzere umodzi, ena a iwo anatisiya kale.

Komabe Messiah si ya aliyense. Imatenga maola awiri ndi theka, pena kuposa. Chaka china ndinatenga wachisamba wanga ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, poganiza kuti poti amakonda kuimba ku Sande sukulu apirira. Pofika popuma anali atatopa mpaka kulira, ndipo tinabwerera kunyumba Aleluya tisanamumve. Chinanso, okestra ya Messiah ndi yaing'ono, ya m'nthawi ya Handel: zazingwe, ma oboe, bassoon, malipenga awiri, ng'oma, harpsichord ndi limba. Mulibe chitoliro, clarinet ngakhale trombone. Wopita kukamva kwaya amakhuta, koma wopita kukamva okestra yathunthu amangolawa.

Pa ndalama, kusiyana kwake n'koonekeratu. Konsati ya madzulo ya pakati pa sabata mu Novembala kapena Febuluwale mukhoza kupeza mpando ngakhale kutatsala masiku ochepa, ndipo ana asukulu ndi achinyamata amakhala ndi mtengo wawo wotsika. Za Disembala zimafuna kugula miyezi ingapo isanakwane, rota ya mwezi umenewo isanatuluke n'komwe, ndiye muyenera kupangana ndi mnzanu wosinthana naye shifiti. Amene mukufuna kuyesa kaye musanatulutse paundi, BBC Philharmonic imaimba makonsati ena mu situdiyo yake ku MediaCity ku Salford ndipo matikiti ake amakhala aulere mukalembetsa, pamene ku Royal Northern College of Music pa Oxford Road ophunzira amaimba masana.

Chaka chino ndachonga masiku awiri. Pali mayi wina wachikulire kumpingo kwathu amene anaimba soprano zaka zambiri ku Malawi asanabwere kudzalera zidzukulu. Nditawauza za Messiah anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwana wanga, unditenge, ndikamumve Aleluya ali ndi malipenga ake." Amenewo ndawagulira mpando wa pansi, wa m'mphepete mwa njira, chifukwa cha maondo. Wachisamba uja tsopano ali ndi zaka 14 ndipo wayamba clarinet kusukulu. Iye ndikupita naye ya madzulo, mipando ya kwaya, mbali imene akhoza kuona zala za anthu oimba chida chake.