Laputopu yapamwamba ya 8 GB kapena yapakatikati ya 16 GB: ndalama zipite pa iti?

Mu Okutobala 2023 kampani ya Apple inatulutsa MacBook Pro ya mainchesi 14 yokhala ndi purosesa ya M3, ndipo ngakhale mtengo wake woyambira ku America unali madola 1,599, memore yake, imene ambiri timangoitcha kuti RAM, momwe kompyuta imasungamo zimene ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo, inali 8 GB yokha. Wofuna 16 GB ankayenera kuwonjezerapo madola 200. Anthu atadandaula, mmodzi wa akuluakulu oona zamalonda pakampaniyo, Bob Borchers, anayankha kuti 8 GB pa makina amenewo ikufanana ndi 16 GB pa makompyuta ena. Chaka chitangotha, mu Okutobala 2024, Apple yomweyo inakweza memore yoyambira ya MacBook Air kufika 16 GB popanda kukweza mtengo, ndipo amene anagula ya 8 GB miyezi ingapo m'mbuyomo anatsala nayo choncho, pakuti memore ya makina amenewa sichotsedwa kapena kuwonjezeredwa.

Mchitidwe umenewu si wa Apple yokha. Dell XPS 13, ThinkPad X1 Carbon ndi Surface Laptop, amene onse ndi malaputopu odula, amabwera ndi memore yowotchereredwa pa bolodi, ndipo mapurosesa a Intel a Core Ultra 200V, amene anatuluka mu Seputembala 2024, memore yawo ya 16 GB kapena 32 GB inamangidwira pamodzi ndi purosesayo. Makampani ali ndi chifukwa chomveka chochitira zimenezi: memore ya mtundu wa LPDDR, imene amaiwotcherayo, imadya batire pang'ono, imathamanga kwambiri ikakhala pafupi ndi purosesa, komanso imathandiza kuti laputopu ikhale yopyapyala. Chomwe wogula ayenera kudziwa n'chakuti nambala imene wasankha tsiku logula ndi imene adzakhale nayo mpaka tsiku lodzataya makinawo.

Laputopu yapamwamba ya 8 GB ili ndi zabwino zosakanika. Thupi lake ndi la aluminiyamu, sikirini ndi yowala ndiponso yoonetsa mitundu molondola, batire imafika madzulo, ndipo MacBook Air kuyambira pa ya purosesa ya M1 ya mu 2020 ilibe fani, kotero sichita phokoso ngakhale pang'ono. Mawu a Borchers aja analinso ndi choonadi chake pang'ono. Kuyambira mu 2013 macOS, pulogalamu yoyendetsa makompyuta a Apple, imapanikiza zimene zili mu memore kuti zitenge malo ochepa, ndipo malo akatheratu imasamutsira zina ku SSD, chipangizo chosungiramo mafayilo, mwachangu kotero kuti munthu wolemba makalata, wowerenga imelo ndi kuonera mavidiyo saona kusiyana kulikonse. Koma Windows nayo inayamba kupanikiza memore kuyambira pa Windows 10, choncho limeneli si luso la kampani imodzi. Kuwonjezera apo, pa makina a Apple purosesa ndi gawo lojambula zithunzi zimadyera mbale imodzi, kutanthauza kuti pa 8 GB imeneyo pamachoka gawo loyendetsa sikirini mapulogalamu anu asanalandire lawo. Mukalumikiza sikirini yachiwiri, n'kutsegula matabu makumi awiri mu Chrome, msonkhano wa Zoom uli mkati ndipo Excel ikudikira, makinawo amayamba kudalira SSD nthawi zonse, ndipo SSD, ngakhale yothamanga bwanji, ndi yochedwa kutali poiyerekeza ndi RAM. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti MacBook Air ya M2 ya mu 2022, mtundu wake wotsika mtengo wa memore ya 8 GB ndi SSD ya 256 GB, ndi umene unali ndi SSD yochedwerapo chifukwa anaikamo tchipu chimodzi m'malo mwa ziwiri. Makina amene ankafunikira kwambiri SSD yothamanga ndi amene anamanidwa.

Tikatembenukira ku laputopu yapakatikati, ya 16 GB kapena yokhala ndi malo owonjezerapo memore, zofooka zake n'zosabisika. Nthawi zambiri thupi ndi lapulasitiki, sikirini ndi yoziya moti panja masana simuona bwino, fani imalira ntchito ikachuluka, ndipo batire imafuna kuti chaja izikhala m'chikwama. Komabe zofooka zimenezi mumaziona tsiku loyamba, mukuigwira ndi manja, ndipo zambiri zili ndi pothawira: sikirini yabwino mukhoza kulumikiza ya padera, kiyibodi chimodzimodzi, batire ikatha mphamvu imasinthidwa. Kuchepa kwa memore kumabisala. M'chaka choyamba zonse zimayenda bwino, ndipo vuto limatulukira m'chaka chachitatu kapena chachinayi, pamene mapulogalamu ndi masamba a pa intaneti alemera, chitsimikizo cha kampani chatha, koma thupi la laputopuyo likadali lokongola ngati latsopano. Munthu amakhala kuti analipira ndalama zambiri pa zinthu zokhalitsa zaka zisanu ndi ziwiri, n'kuzimangirira ku chinthu chimodzi chimene chatopa msanga.

Apa ndichenjeze kuti si laputopu yapakatikati iliyonse imene imalola kuwonjezera memore. Zilipo zotchipa zambiri zimene nazonso memore yake ndi yowotcherera, ndipo zina zili ndi gawo lowotcherera limodzi ndi malo amodzi okha olowetsapo ina. Muyang'ane mawu akuti SO-DIMM, dzina la memore yotheka kuichotsa ndi kuisintha, pa ndondomeko ya zipangizo zake musanalipire. Kampani ya Framework, imene inatulutsa laputopu yake yoyamba mu 2021, inamanga malonda ake pa mfundo imeneyi yakuti mwiniwake azitha kusintha memore, SSD ndi batire yekha, ngakhale kuti mitengo yake si yotsika. Palinso memore ya mtundu watsopano wa LPCAMM2, imene ndi LPDDR yomangidwa ndi masikuluwu m'malo mowotcherera, ndipo inaonekera mu ThinkPad P1 ya mu 2024, koma malaputopu okhala nayo akadali ochepa.

Njira yachitatu, imene ine ndimaiona kuti imaposa ziwirizi kwa anthu ambiri, ndi kugula laputopu yapamwamba ya 16 GB ya chaka chatha kapena yokonzedwanso ndi kampani yake. Purosesa ya chaka chimodzi kapena ziwiri zapitazo siikuchedwetsani pa ntchito wamba, pamene memore yowirikiza kawiri mumaimva tsiku lililonse. Msika nawo wasonyeza kumene walowera. Windows 11 imavomera kulowa pa kompyuta ya 4 GB, koma Microsoft polengeza makompyuta a Copilot+, opangidwira ntchito za nzeru zopanga (AI), mu Meyi 2024 inaika 16 GB ngati poyambira, ndipo MacBook Air ya M4 inatuluka mu Malichi 2025 pa madola 999 ili kale ndi 16 GB. Izi zikukhudzanso mtengo wodzagulitsira, chifukwa wogula laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito adzaiyerekeza ndi zimene zili pamsika nthawi imeneyo.

Kodi ndiye kuti ya 8 GB ilibe mwini? Alipo. Munthu amene ntchito yake ndi kulemba, kuwerenga ndi kuyenda maulendo, amene amatsegula mapulogalamu awiri kapena atatu pa nthawi imodzi, akaipeza pa mtengo wotsitsidwa kwambiri akhoza kusangalala nayo zaka zingapo. Musanadziike m'gulu limeneli, yesani pa kompyuta imene muli nayo panopa. Pa Mac tsegulani Activity Monitor pa tsiku la ntchito yambiri n'kuyang'ana chithunzi cha Memory Pressure: chikamakhala chobiriwira zili bwino, chikamasanduka chachikasu kapena chofiira ndiye kuti mwapanikizika kale. Pa Windows, Task Manager imaonetsa zofananazo. Musachite mantha pongoona kuti memore yadzaza, pakuti makompyuta amasungamo dala zinthu zimene angazifunenso. Chofunika kuona ndi kuchuluka kwa zimene zikusamutsidwira ku SSD. Wokonza mavidiyo, wolemba mapulogalamu, wokonza zithunzi ndi Lightroom kapena Photoshop asavutike n'kuyesa, ayambire pa 16 GB, ndipo ngati memoreyo ndi yowotcherera aganizire za 24 GB kapena 32 GB.