Ojambula mbiri ya makolo asintha chilowereni mkulu watsopano

Amene muli ndi agogo kunyumba, gulu la pa yunivesite ina kuno ku Mzuzu lomwe limajambula mawu a akuluakulu tsopano ndi loti mukhoza kulilandira ndi mtima umodzi. Kale sindikananena choncho. Nthawi ya mkulu wakale, ophunzira anabwera kwathu ku Zolozolo ndi pepala la mafunso, n'kumawapanikiza bambo anga ngati ali pa mayeso. Bambo atangoyamba kukamba za Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito ya kumigodi ya ku Joni, ophunzirawo anawadula pakamwa, ati funso lina likudikira. Zomwe anajambulazo sitinazimvepo mpaka lero.

Mayi amene atenga udindowu anabwera okha ndi wophunzira mmodzi. Anakhala pamkeka, rekoda n'kuiika pakampando. Anayamba ndi kuwawerengera bambo chikalata cha chilolezo m'Chitumbuka, n'kuwauza kuti pomwe sakufuna kuti anthu adzamve angonena, padzafufutidwa. Kenako anawasiya alankhule. Bambo anafotokoza za kupimidwa m'thupi asanalembedwe ntchito, ndege yokatera ku Francistown, sitima ya ku Joni, ndi chilankhulo cha Fanakalo chomwe ankalankhula mumgodi. Atafika pa ngozi ya ndege ya mu 1974, ija inapha Amalawi oposa 70 ku Francistown mpaka Kamuzu analetsa Wenela, anangoti zii. Mayiwo sanazimitse rekoda, sanaponyeponso funso. Patapita nthawi bambo anatchula okha dzina la mnzawo amene anafera pangoziyo, dzina lomwe ife ana awo tinali tisanalimvepo.

Chimene chandigwira mtima kwambiri n'choti patatha masabata ochepa anatibweretsera mawuwo pa fulashi. Ife a ku Mzuzu sitinaiwale zomwe moto unachita ku laibulale ya yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) mu Disembala 2015. Panopa mawu a bambo ndili nawo ine, achemwali anga ku Ekwendeni ali nawonso, ndipo adzukulu amawamvetsera pafoni.

Pofunika kukonza palipo. Zolemba za zomwe bambo ananena zinabwera m'Chingerezi chokha, ndiye eniake sangathe kuona ngati anawalemba molondola. Ndinawadandaulira mayiwo, anavomera kuti ndi vuto, koma akuti omasulira ndi ochepa. Foni ya ku ofesi kwawo nayonso siyankhidwa kawirikawiri, bola kupitako nokha m'mawa. Salipiritsa kalikonse, ndipo ngati agogo sangathe kuyenda, iwo ndi amene amabwera kunyumba.